Mbava ya oyilo mu thiraki yanga

Vuto langa ine ndi loti ndikangoonera kavidiyo kamodzi pa YouTube basi ndimadziona ngati makaniko wa zaka 20. Mayi akunyumba anandiuzapo kangapo konse kuti bambo inu yanu ndi chiwongolero, za sipanala asiyireni eni ake, koma mawu amenewo amalowera khutu ili nkutulukira linali.

Thiraki yanga ndi ya dizilo, matani 3, yakalekale ndithu koma siinandigonetsepo panjira, ija mumachita kupendeketsa kabu yonse kuti muone injini. Mwezi umenewo thumba linali lobooka nde nthawi ya sevisi itakwana ndinati aaa, kukhetsa oyilo ndi kusintha fyuluta kokha mpaka kulipira munthu? Ndinagula oyilo wanga wa 15W-40 ndi fyuluta yatsopano, Loweruka mmawa ndili gada pansi pa galimoto, kumasula nati ya pa sampu, oyilo wakuda bii kuyenderera mubeseni (beseni lake linali la mayi, imeneyo ndi nkhani ina ndipo mlandu wake sunathe). Fyuluta yakale ndinaimasula nkuiponya uko osaiyang'ana nkomwe, yatsopano ndinaimanga mpaka mitsempha ya mkhosi kutuluka, kuthira oyilo, kuliza injini, phee bwinobwino. Tsiku limenelo ndinkayenda pakhomo ngati ndapanga opaleshoni ya mtima.

Lachiwiri mmawa ndikusolola dipusitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, mongodzionetsera, oyilo ali pakati. Ndinati mwina fyuluta yamwako, paja yatsopano imayamba yadzadza kaye. Lachinayi ndikusololanso, kapukute, kalowetse, katulutse, oyilo ali pansi pa MIN, akungonyambita kunsonga. Ndinaisuntha galimoto kukaiimika pamalo osalala, kudikira mphindi 10 kuti oyilo yense atsikire musampu, kuyezanso, chimodzimodzi. Ndinathira malita awiri. Pofika Loweruka lina ndinali nditathiranso ina imodzi, malita atatu pa makilomita osakwana 300, pamene kale thiraki yomweyi inkatha miyezi iwiri osapempha ngakhale kapu.

Nde maganizo oyamba amene anandibwerera, ndipo ndikuchita nawo manyazi mpaka lero, anali oti wina akundiba. Ndili ndi mnyamata amene timayenda naye, wondithandiza kukweza ndi kutsitsa katundu, mwana wofatsa wosayankha munthu, ndinayamba kumuyang'ana ndi diso la nkhwezule. Ndinamufunsa kuti iwe, masiku ano manja ako akuda bwanji, iye nkuti bwana si inu munandituma kupukuta dipusitiki? Sindinakhutire. Usiku umenewo ndinagona mukabu ndi tochi kudikira mbava, udzudzu unandidya ngati ndalipiridwa kuti ndiudyetse, kunja kunacha popanda munthu ofika pafupi, ndipo oyilo mmawa anali pomwe ndinamusiya. Apa munthu wanzeru akanazindikira kuti oyilo amatha galimoto ikamayenda basi, koma ine ndinati ehe, mbava yadziwa kuti ndili momo.

Kenako ndinakumbukira za katoni. Amati yala katoni pansi pa galimoto usiku, mmawa uone pamene padonthera. Usiku woyamba galu anaikoka nkukagonapo, wachiwiri ndinaipsinja ndi miyala, mmawa ndikupeza timadontho ponseponse, kutsogolo, pakati, mpaka pafupi ndi matayala akumbuyo, ngati mapu a dziko. Kusuzumira pansi ndi tochi sizinathandize chifukwa thiraki yakale pansi pake ndi pakuda kale, oyilo wa dzana ndi wa chaka chatha amangofanana. Ndinangoti ndiye kuti ikudontha paliponse, ndinakhala pa tayala lasipeya nkugwira kumutu.

Apa mpamene anatulukira alamu anga. Alamu amenewa galimoto alibe, laisensi alibe, koma palibe matenda a injini amene sawadziwa. Atamva nkhani anavula jekete nkuti alamu musadandaule, injini imayankhula ndi utsi. Utsi wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya ukuperewera, woyera wosatha ndi madzi akulowa mkati, wabuluu ndi oyilo akupsa. Ukatuluka wabuluu pongoliza mmawa nkusiya ndiye ndi timasilu ta mavavu, ukamatuluka mukaponda moto ndiye maring'i a mapisitoni kapena tabo, chija chimapopera mpweya mu injini. Ndisanamize, zonsezi ndinadzafunsa pambuyo pake ndipo ndi zoona, vuto la alamu ndi loti mutu uli ndi buku koma maso alibe.

Anandiuza kuti lizani, iwo nkukanjuta kumbuyo nkhope pafupi ndi ekizozi kuti aone mtundu wa utsi. Ndinaponda moto mwaulemu, akuti onjezani, ndinaponda mpaka pansi. Thiraki inatsokomola chimwaye chonse cha zaka ndi zaka, alamu kudzuka apo maso okha ndi mano ndi zomwe zimaoneka, malaya oyera aja asanduka a maliro. Ndikuwafunsa kuti nanga mwaona mtundu wanji, akuti "Wabuluu alamu, koma wabuluu wake wakuda."

Tinatsegula chitsekerero chothirira oyilo kuona ngati kunsi kwake kuli zoyererako zonata zija zimasonyeza kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, kunalibe. Madzi a mu redieta anali oyera bwino opanda mafuta oyandama, nde gasiketi ya hedi tinaichotsa pa mlandu. Kenako injini ikulira anangochikhazika chitsekerero chija pakamwa pake osamanga, chikuvinavina pang'ono, alamu nkuwomba mmanja kuti mwaona? Mpweya ukudutsa mmaring'i, injini yatha iyi, ovaholo basi, kuiphwasula yonse nkuikonzanso. Mawu oti ovaholo atalowa mkhutu ndinamva miyendo kuzizira, ndinayamba kuwerengera mumtima zimene ndingagulitse pakhomo, mpaka ndinayang'ana njinga ya mwana.

Usiku tulo osabwera ndinalowanso pa intaneti, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakadzitengera matenda ena. Ndinawerenga kuti masilu a tabo akafa oyilo amalowa munjira ya mpweya, ndipo injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wake omwe ngati mafuta, nkumathamanga yokha mopenga, kuzimitsa kiyi osazima, mpaka itaphulika kapena oyilo atatha. Kuimitsa kwake akuti nkuitseka mpweya ndi chinthu cholimba chafulati, osati dzanja, kapena kuiika giya yayikulu, kuponda buleki nkusiya kilatchi kuti izime. Mavidiyo ake ndinaonera mwina 15, anthu akuthawa utsi uli tolotolo. Kutacha ndinadula kathabwa nkukaika kuseri kwa mpando. Mnyamata uja akundifunsa kuti bwana kathabwaka nkachani, ndinamuuza kuti tsiku lake udzadziwa.

Tsiku lake silinachedwe. Lolemba tili ndi katundu wodzadza, tikukwera kamtunda injini ikukoka ndi mphamvu zonse, ndinangomva fungo la oyilo wopserera, pagalasi lammbali utsi wabuluu uli kumbuyo ngati tikuotcha matayala, kenako kagetsi kofiira kaja kokhala ngati ketulo nkuyaka pa dashibodi. Aliyense amadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti kameneko kakayaka umaima pomwepo nkuzimitsa, chifukwa ndiye kuti mphamvu ya oyilo yagwa ndipo zitsulo zikukhulana zouma. Koma ine ndinaona mthunzi patsogolo ndithu, ndinati ndikafike apo, mwina theka la kilomita. Nditaima ndinakuwa kuti yayamba ija, thawa! Ndinatsomphola kathabwa kanga, kulumpha, kuzungulira galimoto kawiri osadziwa nkomwe kuti mpweya umalowera pati, mnyamata ali phee pampando wake anangotambasula dzanja nkupotokola kiyi, injini zii.

Kuyang'ana kumene tachokera, mzere wakuda pamsewu wautali ngati wina amajambula ndi rula.

Anatikoka mpaka kugalaja. Makaniko ake ndi mdala wina wosayankhula zambiri, ovololo yake sudziwa kuti poyamba inali ya mtundu wanji. Ine ndinayamba kulakatula, madala maring'i atha, tabo yafa, mwina ndi silu ya kumbuyo kwa kirankishafuti, ndinawaonetsa mpaka katoni ija. Anandimvetsera mpaka kumaliza nkungoti, "Mwatha bwana? Tiyeni tiitsuke kaye." Akuti injini yakuda siiulula pamene ikudontha, komanso oyilo amatsika pansi ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo, nde pamene mwaona dontho si pamene pali bala, mumafuna malo okwera kwambiri ndi akutsogolo kwambiri amene anyowa. Anamasulanso paipi yochokera ku tabo nkupisamo chala, munali kanambe chabe, akuti tabo yakufa imasiya chithaphwi umu. Za chitsekerero chovina chija anaseka, akuti injini yakale iliyonse imapumako pang'ono, ya maring'i akutha imachita kufuka ngati sitima ndipo chitsekerero imachitaya.

Atatsuka anathira oyilo nkuuza mnyamata wawo kuti alize pang'ono chabe. Sipanathe masekondi asanu, oyilo fwaa kuchokera pamwamba pa fyuluta kuwazikira pa paipi ya ekizozi, nkuona utsi wabuluu uja umachokera pamenepo, osati mkati mwa injini. Anazimitsa, kumasula fyuluta movutikira uku akung'ung'udza kuti anamanga ndi ndani ngati akumanga mlatho, kenako anapisa chala pamene fyuluta imakhala nkutulutsa kamphira kozungulira kakuda, kophwanyika mbali imodzi. Mdzanja lina fyuluta yatsopano ili ndi kake. Timphira tiwiri. Kakale kaja kanamatirira pa injini pamene ndinkachotsa fyuluta yakale, ine nkumangirira yatsopano pamwamba pake, nde galimoto ikangoima zimagwirana, ikamakoka mphamvu ya oyilo ikakwera ankapeza njira pakati pake, mpaka tsiku la kamtunda lija kanangotsomoka.

Mdala uja anakakweza mmwamba kamphirako kuti galaja yonse ione. "Bwana, sevisi anakupangirani ndani? Munthu ameneyu musadzamupatsenso ngakhale wilibala."

Ndinatsokomola. Ndinati ndi kamakaniko kena kake kongoyendayenda, sindikadziwa dzina. Mdala akuti anthu otere ndi amene akutiipitsira mbiri, fyuluta umayang'ana yakale ngati yatuluka ndi mphira wake, kupukuta pokhalira, kupaka kaoyilo pa mphira watsopano, kumanga ndi dzanja basi, ikakhudza nkuonjezera pang'ono osakwana kuzungulira kamodzi. Ine ndikungovomera kuti eetu madala, anthu ena alibe chisoni. Mnyamata wanga uja, amene ndinamuganizira zakuba, anali chiimire pambali akuyang'ana kumwamba, mapewa okha akugwedezeka, kenako anangoti, "Koma bwana, kamakaniko kaja kanatengeranso beseni la mayi." Galaja yonse inagwa nako kuseka, mpaka wina amene anali pansi pa galimoto ina anachita kutuluka kuti andione nkhope.

Kuseka kutatha mdala anandibweza pansi, akuti tisasangalale, theka la kilomita lija ndi kagetsi koyaka likhoza kukhala litadya mabering'i. Apa mtima unayambanso kugunda. Anakhetsa oyilo mu chitini choyera nkupita naye padzuwa, kumupendeketsa uku ndi uku kufuna tonyezimira. Anadula fyuluta ija nkutambasula pepala lamkati ngati akuwerenga kalata, kuyendetsapo maginito, akuti tachitsulo timamata, koma tofiirira ngati kopa sitimata ndipo timeneto ndi timene timanena kuti bering'i yadyeka mpaka mkati. Anapeza timadontho towala tiwiri titatu, tating'ono ngati fumbi. Anamanga fyuluta ina, oyilo wina, nkulumikiza geji yawo yoyezera mphamvu ya oyilo pamene pamakhala kaswitchi ka getsi lija, kudikira injini itenthe chifukwa akuti oyilo wozizira amanama, ndi wolimba nde geji imakwera ngakhale injini ili yotha. Muvi unakhazikika pabwino. Pomaliza anatenga sikuludiraiva yayitali, nsonga pa injini chogwirira pakhutu, maso otsinzina, ine ndikupemphera chamumtima kuti asamve kugogoda. Anadzuka nkuti siinanoke, koma mwaipatsa ukalamba wa zaka zingapo tsiku limodzi, mubwere pakatha makilomita 500 tidzakhetsenso tione.

Mnyamata ndinamupepesa tili mnjira, iye akuti palibe kanthu bwana, koma mpaka lero ndikamasolola dipusitiki amakweza manja mmwamba kuti ndiwaone. Mayi akunyumba kamphira kaja anakapempha, anakamangirira ku makiyi a thiraki.

Patangotha masiku atatu ndinayamba kumva go go go, makamaka pa mabampu. Thukuta kamukamu, wailesi kuzimitsa, kuyenda 20 pa ola mpaka kugalaja, ndikufika ndikukuwa kuti madala yanoka ija. Mdala anakwera, tinazungulira pang'ono, go go go, anandiyang'ana, anapisa dzanja kuseri kwa mpando nkutulutsa kathabwa kaja.

"Nanga aka anakusiyirani ndi makaniko yemwe uja?"