Zigoba ziwiri panjira ya ku Furancungo

Wofuna kuchoka ku Ulónguè kupita ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, alawirire, atenge madzi akumwa ndi ndalama zing'onozing'ono za metikali, chifukwa kwacha imayamba kukanidwa mukangotalikira malire a Dedza. Msewu ndi wa mabampu, ndipo eni galimoto amapakira mopanda chisoni: matumba a mbatatesi pansi, anthu pamwamba. Yathu inathyoka sipuling'i titapitirira Dómuè, m'mbali mwa munda.

Mwini mundawo, mkulu wa imvi mbuu, anatiwotchera chimanga. M'misika chimodzi chinali 10 metikali, koma iwo anakana ndalama. Kenako anatulutsa m'kachitini zigoba ziwiri za zipolopolo zimene khasu lawo linafukula. "Ana anga, izi zinatuluka m'mfuti imodzi kodi?" Mnyamata wina anati, "Inde agogo, kukamwa kwake n'kofanana." Agogo anangopukusa mutu.

Kukamwa n'kofananadi, zonse zimatchedwa 7.62, koma china ndi chachitali mamilimita 51, chinacho 39. Chachitalicho ndi cha G3, mfuti ya ku Germany imene Apwitikizi ankapanganso kwawo n'kupatsa asilikali awo. Chachifupicho ndi cha AK-47, yomwe ankhondo a Frelimo ankalandira kuchokera ku Soviet Union ndi ku China pamene nkhondo yomenyera ufulu inakolera m'Tete kuyambira 1968. Mfuti ina yotchedwa SKS nayo imadya chachifupi chomwechi.

Cha G3 sichisowa. Ndi chamkuwa ndipo chili ndi mizere m'litali mwake. Mizereyo imabwera chifukwa m'chipinda cha mpope wa mfuti, mmene mumakhala chipolopolo, muli timigula tolowetsa mpweya wa wonga kuti chigoba chisakakamire. G3 ilibe pisitoni, imadalira timagudumu tiwiri tochedwetsa chitseko chotseka kumbuyo kwa mpope kubwerera m'mbuyo. Mwaye umachuluka mkati, ndipo timigulato tikatsekeka ndi litsiro, chigoba chimakanirira. Cha AK kawirikawiri ndi chachitsulo, n'chifukwa chake cha agogo chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Chimachepa kupita kutsogolo, motero chimasololoka ngakhale mfuti ili ndi fumbi, ndipo n'chimene chimapindikitsa magazini, chosungira zipolopolo, ngati nthochi.

Pa mphamvu G3 ndiyo ili pamwamba. Chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu 9.5 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita 800 pa sekondi, pamene cha AK ndi magalamu 8 pa mamita 715. Kupitirira mamita 300 cha AK chimagwa msanga, cha G3 chikadali ndi mphamvu pa 500. Koma tayang'anani tchire la m'boma la Macanga kuno, mitengo yothithikana ndi udzu wobisa munthu m'miyezi ya mvula. Ndani amaona mamita 500? Nkhondo yobisalirana inkachitikira pafupi ndipo inkatha msanga. Pamenepo chofunika ndi kuchuluka kwa zipolopolo. Magazini ya G3 imatenga 20, ya AK 30. Katundu wa makilogalamu 5, kuwerengera zigoba ndi wonga, ndi zipolopolo 200 za G3 kapena 300 za AK, ndipo munthu wosenza kuchokera kumalire a Zambia wapansi amakumva kusiyana kumeneko m'khosi. Komanso G3 imamenya phewa kwambiri, ikamawombera motsatizana mpope umakwera m'mwamba. Kwa ine, pa nthaka ino chachifupi ndicho chinayenera, ngakhale chotalika chimaboola zimene chachifupi chimalephera.

Chimene chigoba sichinena ndi dzanja limene linawombera. Mfuti zinkalandidwa, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 mbali zonse zinali ndi AK. Ambiri a m'midzi imeneyi anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Nkhani itafika pamenepa agogo anabweza zigoba m'kachitini, nkhani n'kusanduka ya mtengo wa feteleza. Zimandipweteka kuti ana amaiona AK pa mbendera ya Mozambique tsiku lililonse, pambali pa khasu ndi buku, koma akulu odziwa kulira kwake akutha tisanawafunse.

Mukadutsa kuno musatole zigoba n'kuika m'thumba, pachipata cha m'malire cha Calómuè zikuvutitsani. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika achotsedwa, komabe makasu amafukulabe zina. Chipolopolo chosawombedwa kapena chitsulo chosadziwika musachigogode, musachiponye pamoto. Ikani chizindikiro patali, muuze amfumu, iwo akadziwitse apolisi.