Za ulendo wathu wa banki mkhonde ku Likhubula

Amene munatsala ku Thyolo mwakhala mukufunsa kuti tinakatengako chiyani kwa anzathu a ku Mulanje. Paja tinatumana kuti tikafunse malamulo okhwima othana ndi ochedwa pa msonkhano komanso obweza ngongole mozengereza. Malamulowo sitinabwere nawo ambiri, koma ulendo unali wa phindu.

Minibasi inayenera kunyamuka pa boma 6 koloko, koma tinanyamuka dzuwa litakwera, ndipo amene tinkawadikira mukuwadziwa. Atatulukira akuthamanga, ndowa ili pamutu, amayi msungichuma sanadikire n'komwe kuti munthu akhale pansi. "Achemwali, pa msonkhano kuchedwa, ngongole kuchedwa, lero ndi ulendo womwe?" Achemwali nawo sanameze mate. Anati ena amadziwa kuwerenga zolakwa za anzawo kuposa ndalama za m'bokosi. Anakokanakokana kudutsa minda yonse ya tiyi mpaka pa Luchenza, ena kuikira kumbuyo uyu, ena uyo, moti nyimbo zimene tinakonzekera sabata yonse palibe anaziyambitsa. Amayi apampando anangogwira tsaya.

Titangowoloka Thuchila, tisanafike pa Chonde, tayala lakumbuyo linaphulika. La sipeya linalibe mpweya, ndiye kondakitala analikweza pa kabaza kukafuna pampu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, njala itayamba kuluma. Apa m'pamene ndowa ija inavundukulidwa: mandasi otentha, okwanira tonse ndi dalaivala yemwe. Achemwali anadzuka tambala asanalire kuti atikazingire, ndipo sanauze munthu. Anayenda nayo ndowayo mzere wonse, ndipo atafika pa amayi msungichuma anagwada n'kuwapatsa awiri. Tonse tinangoti zii, kenaka amayi osunga kiyi wachitatu anayambitsa nyimbo yawo ija imene satha kuimaliza.

Pa Chitakale tinakhotera msewu wa ku Phalombe, thanthwe la Chambe lili njo patsogolo pathu. Anzathu anatichingamira ndi nthungululu. Bokosi lawo n'chimodzimodzi lathu, la maloko atatu. Ngongole sapereka yoposa katatu masheya a munthu, thumba la zadzidzidzi amasonkha pa msonkhano uliwonse, ndipo ndalama amawerenga anthu awiri pamaso pa onse. Amlembi athu analemba zonsezi ndipo adzaziwerenga.

Amayi apampando athu atafunsa kuti anthu osamva amatani nawo, apampando awo anayamba ndi nkhani ya namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023. Minda inakokoloka, ambiri analephera kubweza, ndipo gulu linakweza chindapusa. Anthu anayamba kuthawa misonkhano, kulozana zala mpaka kuchigayo. Otsalawo anagwirizana chinthu chimodzi: bokosi lisanatsegulidwe, aliyense azinena khalidwe lake limodzi limene akulimbana nalo, ndipo kutchula dzina la mnzako n'koletsedwa. Anatichitira pomwepo kuti tione. Wina anati sabata imeneyo anaugwira mtima mwamuna wake atamuyankha mwaukali. Wina anaulula kuti tsiku la msika ndalama ya bizinesi imathera pa kaunjika, ndiye tsopano amasiya theka kunyumba. Amlembi awo, mayi wamkulu ndithu, anati pakamwa pawo pamathamanga ndi nkhani za eni, ndipo akuphunzira kufika pa mjigo, kutunga madzi, n'kubwerera. Chindapusa sanachichotse, koma akuti masiku ano munthu amachiponya yekha m'mbale asanakumbutsidwe.

Ine ndinaona kuti njira imeneyi ndi yolimba kuposa malamulo amene tinkafuna. Mnzako ungamukalipire chaka chonse, mtima wake sungaulowe. Wako uli nawo usana ndi usiku, ndipo ukaugwirira ntchito anzako amaona okha.

Nkhomaliro ndiye musanene! Nsima, nkhuku ya lokolo, nandolo, ndi kalongonda amene anganga a pamudzipo anayamba kumuphika dzulo lake. Anatifotokozera kuti kalongonda safuna phuma: umawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, apo ayi amaledzeretsa n'kudwalitsa banja lonse. Amayi athu aja amene ananena m'galimoto kuti sadya kalongonda anapempha mbale yachiwiri, ndipo dzina lawo latsopano mwalimva kale. Pamwamba pake nanazi wotsekemera ndi thobwa.

Masana achinyamata a m'mudzimo anatiperekeza ku Dziwe la Nkhalamba. Iwo ndiwo anatiuza kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndiponso kuti mkungudza watsala pang'ono kutha m'phirimo chifukwa chodula mozemba ndi moto. Pokwera chitunda, amayi msungichuma ndi achemwali anatsalira m'mbuyo awiriwiri. Tinamva pambuyo pake kuti achemwali akudwazika apongozi awo, ndipo m'mawa uliwonse amayamba awasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Amayi msungichuma anati iwo ayamba kufunsa asanakalipe. Achemwali anati iwo asiya kubisa mavuto, azitumiza uthenga akaona kuti achedwa. Palibe anawatuma. Pa dziwe anafika atagwirana mikono, ndipo ndi iwo okha, pamodzi ndi amlembi, amene analimba mtima kuviika mapazi m'madzi ozizirawo.

Zikomo amayi apampando potipirira, amlembi posataya cholembera ngakhale pansi pa mango, abambo a m'gulu lathu ponyamula mphatso ya nthochi, komanso adalaivala potifikitsa bwino. Zikomo anganga ndi anzathu onse a ku Likhubula. Alonjeza kudzatiyendera tikadzagawana mu Disembala, ndiye nkhuku tiyambiretu kusunga. Chitenje chobiriwira chimene chinatsala m'minibasi chili kwa amlembi. Lachinayi tonse tifike 2 koloko, aliyense ataganizira khalidwe lake limodzi loti adzanene bokosi lisanatsegulidwe.