Lachiwiri: kufufuza za agogo a ku Skye

Lero m'mawa ndinapita ku ScotlandsPeople Centre, malo ofufuzirako mbiri ya mabanja, m'nyumba ya General Register House kuno ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kukagwira ntchito imene apongozi anga a ku Australia anandituma, yofufuza za agogo a agogo awo aakazi amene anachoka pa chilumba cha Skye m'chaka cha 1852. Chimene apongozi anali nacho ndi chikalata cha imfa chokha, cholembedwa ku Victoria, dera la ku Australia, chotchula mayina a makolo a malemuwo.

Nditangokhala pa kompyuta ndinazindikira kuti chikalata cha kubadwa sindichipeza, chifukwa boma la kuno linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 Januwale 1855, agogowo atawoloka kale nyanja. M'mabuku a ubatizo a mpingo namonso munalibe dzina lawo, pakuti m'maparishi ena a ku Skye mabukuwo anayamba kulembedwa mochedwa.

Kalembera wa 1841 ndiye anandizunguza mutu. Ndinapeza banja la mayina ofanana ndi amene ndinali nawo, koma mtsikanayo analembedwa zaka 15 pamene ine ndimayembekezera 19. Ndinatsala pang'ono kulidumpha tsambalo, mpaka mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anandifotokozera kuti m'kalembera ameneyo zaka za aliyense woposa 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0.

Masana ndinatsegula mndandanda wa bungwe la Highland and Island Emigration Society, limene pakati pa 1852 ndi 1857 linatumiza anthu pafupifupi 5,000 ku Australia, njala itavuta chifukwa cha matenda a mbatatesi amene anayamba mu 1846. Dzina la agogo lili pamzere wa pansi pa bambo awo, ndipo kumapeto kuli malo amene mlembi ankalembapo maganizo ake pa umphawi ndi thanzi la banja lililonse, ngati munthu woyesa ziweto pamsika. Mwini malo amene banjalo linkakhalapo ankalipira gawo la ndalama za ulendo, ndipo ine sindikhulupirira kuti chinali chifundo chokha, poti malo osiyidwawo ankapindulitsa kwambiri akaikapo nkhosa.

Vuto latsala ndi loti m'parishi yomweyo munali atsikana awiri a dzina limodzi. Mawa ndikafunafuna chikalata cha imfa cha mlongo wawo amene anatsala ku Skye, chifukwa zikalata za kuno zimatchulanso dzina la kwawo kwa mayi ake a womwalirayo.