Maola amene miyendo ya bambo anga inali ya dzanzi

Bambo anga atachitidwa opaleshoni yoika bondo lachitsulo ku Blantyre, ndinakhala pambali pa bedi lawo maso ali pa zala zawo za kumapazi, chifukwa namwino anandiuza kuti zikayamba kugwedera ndiye kuti mankhwala ayamba kutha mphamvu. Sanawagoneke tulo. Anawabaya jakisoni m'munsi mwa msana, pakati pa mafupa, ndipo mankhwalawo atasakanikirana ndi madzi ozungulira mitsempha, thupi lonse kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi linachita dzanzi. Njira imeneyi inayamba mu 1898 ndi dokotala August Bier wa ku Germany.

Kutalika kwa dzanzili kumadalira mtundu wa mankhwala ndi mlingo wake. Bupivacaine, amene anawabaya bambo, amagwira maola awiri mpaka anayi, pamene chloroprocaine amatha pakadutsa pafupifupi ola limodzi, ndipo mepivacaine ali pakati pa awiriwa. Kumaiko kumene wodwala amatulutsidwa tsiku lomwelo, madokotala amakonda mankhwala osakhalitsa kapena mlingo wochepa, kuti munthu aimirire dzuwa lisanalowe, koma amasamalanso kuti dzanzi lisathe opaleshoni ili mkati.

Zala za bambo zinagwedera patatha maola atatu, ndipo ine ndinaganiza kuti zonse zatha, koma namwino anaumirira kuti adikire mpaka atataya madzi okha, popeza mitsempha ya chikhodzodzo imachedwa kudzuka. Apa m'pamene ululu weniweni unafika, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anawapatsiratu mapiritsi dzanzi lisanathe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulendo wathu ife a kuchigwa. Munthu amene miyendo yake yangodzuka kumene, kuti atsike mapiri a Thabwa pa minibasi yodzaza, awoloke Shire pa mlatho wa ku Chikwawa, adutse Nchalo ndi Bangula m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, bondo lili chipindire, angafike ku Nsanje litatupa kwambiri. Ndipo mutu ukamuwawa poimirira n'kumaleka akagona, monga zimachitikira ena atabayidwa pamsana, amene anamubaya amakhala ali kutali.

N'chifukwa chake, atatulutsidwa, tinakhala masiku angapo kwa achibale ku Ndirande, pamene mchimwene wanga kumudzi ankakhoma mpando wa matabwa pachimbudzi kuti bambo asamanjute.