Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Muzu wa soya

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka inu achimwene a ku Moatize amene mwakhala mukufunsa kuti mtsikana wa ku Domwe uja, wophunzira wanga amene analephera mayeso, zinamuthera bwanji. Lero ndiyankha, koma ndiyambira pa ine, chifukwa mlandu unali wanga.

Mukukumbukira kuti nditamaliza licenciatura, digiri yoyamba, ndinayamba kuphunzitsa za nthaka pa sukulu ya ukachenjede ija. Zaka zitatu zinangodutsa. Pauta, pepala la zotsatira za mayeso, ikamatidwa pakhoma, ambiri ankapezeka pansi pa 10, ine n'kumati ana a masiku ano ndi aulesi. Mayeso ankalembedwa m'Chipwitikizi. Mtsikana uja anapeza 6 pa 20, ndipo funso lomwe anasiya osalemba kanthu linali la momwe mbewu za mtundu wa nyemba zimaonjezera chonde m'nthaka.

Patapita sabata tinapita kumunda woyeserera. Ndikudutsa, ndinamumva akulankhula ndi anzake m'Chichewa. Anazula soya, n'kusasa dothi, n'kuloza timibulu ta kumizu. Anaswa kamodzi ndi chikhadabo nati, "Taonani, kakakhala kofiirira chonchi m'kati ndiye kuti kakugwira ntchito. Agogo anga akakolola nyemba, chaka chinacho amabzalapo chimanga, ndipo masamba am'munsi sachita chikasu." Atandiona anatseka pakamwa, n'kubisa muzuwo kumbuyo ngati wakuba.

Abale, muzu umenewo unandisowetsa tulo. Yankho lonse anali nalo, ine ndinamupatsa ziro pa funsolo. Usiku umenewo ndinadziona ndekha mu 1993, titangobwerera kwathu ku Mozambique kuchokera ku Dedza kumene tinathawira nkhondo, mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma. Ndinkakhala benchi la kumbuyo. Masamu ndinkawadziwa, koma Chipwitikizi chinkandimanga lilime. Aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana zala za kuphazi, anzanga akuseka, mpaka tsiku lina ndinauza amayi kuti sindipitanso. Iwo ndi amene anandikokera kusukulu m'mawa mwake. Nanga ine ndinaiwala liti? Mwana wa benchi la kumbuyo uja ndi amene tsopano ankatchula ena kuti aulesi.

Apa ndi pomwe kafukufuku wanga anayambira, wopanda ndalama, wopanda chilichonse. Ndinapempha ophunzira chilolezo, ndinkaika foni patebulo kujambula mawu a m'kalasi, madzulo n'kumamvetsera. Mawu anali anga okhaokha. Ndikafunsa funso, ndinkaliyankha ndekha munthu asanapume n'komwe. Kenaka ndinatenga mafunso a mayeso omwewo n'kuwafunsa pakamwa, aliyense ayankhe m'chilankhulo chimene akufuna. Ena analepheradi, sindingakunamizeni. Koma ambiri mwa "aulesi" anga aja nkhani ankaidziwa, chinkawagwetsa ndi kamangidwe ka funso.

Powerenga ndinapeza kuti nzeruyi si yachilendo kwathu kuno. Pulojekiti ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, inayesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, ndipo anawo ankayankha m'kalasi momasuka. Taganizani, zaka zomwezo ine ndinali kuyang'ana zala za kuphazi.

Nditapita nazo kwa mkulu wa kuntchito uja, amene mumamudziwa kuchokera mu gawo 11, sanatsegule n'komwe mapepala. Anati dialeto, kutanthauza zilankhulo zathuzi, malo ake ndi kumsika. Ndikudziwa kuti mumawerenga, bwana. Sindinanenepo kuti titaye Chipwitikizi. Monografia, lipoti la kafukufuku womalizira digiri, amalemba m'Chipwitikizi, ntchito amafunsira m'Chipwitikizi. Ndinangopempha kuti musanaweruze mumvere kaye zomwe ndinajambula.

Ndinasintha m'kalasi mwanga mokha. Ndikafunsa ndinkawerenga chamumtima mpaka khumi ndisanatsegule pakamwa. Ophunzira ankayamba akambirana m'magulu m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chisena, kenaka gulu lililonse n'kulemba yankho lake pabolodi m'Chipwitikizi, tonse n'kukonza mawu pamodzi. Silabasi inkayenda pang'onopang'ono, ndipo pa chimenecho ndinadzudzulidwa pamsonkhano.

Mtsikana uja ndinamuitana ndi kumupepesa. Anangoti, "Palibe kanthu aphunzitsi," maso ali pansi. Mayeso obwereza anakhoza ndi 13. Lero ndi mlangizi wa zaulimi ku Tsangano, ndipo chaka chatha ananditumizira thumba la mbatatesi pa shapa, minibasi ya kwathu kuno. Za tsiku limene ndinakaima pamaso pa aphunzitsi anzanga ndi zojambula zija, tidzakambirana Loweruka likubwerali.