Pepala lililonse lili ndi mwini wake, ndipo nthawi zambiri si mwanayo

Abale, mtima wanga wakhala pansi sabata ino. Pali kagulu ka ana a sekondale kamene ndimakathandiza kukonza zofunsira malo ku makoleji a ku America ndi ku UK, nde ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsafunsa kuti ndimvetse bwino kakonzedwe kake, koma kulikonse komwe ndimapita ndimangopeza mndandanda womwewo, dzina, magiredi, essay, makalata a aphunzitsi, mayeso, za ndalama. Mndandandawo ndi woona ndithu, palibe chabodza mmenemo, koma ana amautenga, amachonga zinthu ziwiri zitatu zophweka kenako basi zii, mpaka masiku atsale ochepa m'pamene aliyense amayamba kuthamanga uku ndi uku. Ndimadzifunsa kuti vuto lili pati poti ana ake ndi olimbikira komanso akudziwa zomwe zikufunika.

Chomwe chandilowa ndi ichi: zinthu za pa mndandanda uja zili ndi eni ake osiyanasiyana, ndipo zomwe zilidi m'manja mwa mwanayo ndi zochepa kwambiri. Essay ndi yake, fomu ndi yake, mndandanda wa zomwe wakhala akuchita kunja kwa kalasi ndi wake. Zimenezi olo atazengereza akhoza kuchezera usiku n'kumaliza. Koma transcript, chikalata cha magiredi onse a mwanayo, ndi ya sukulu, kalata ndi ya mphunzitsi, zotsatira za mayeso ndi za bungwe lolembetsa mayesowo, mapepala a ndalama ndi a makolo, ndipo anthu onsewa amayendera nthawi yawo, sungawachezeretse usiku chifukwa iwe wapanikizika. Ndekuti tsiku lomaliza lomwe lalembedwa pa website ya koleji ndi tsiku loti zonse zikhale zitafika kale, pomwe tsiku lofunika kwa mwanayo ndi loti akapemphe chinthu chomwe chimachedwetsetsa, ndipo tsiku limenelo sililembedwa paliponse, uyenera kuliwerengera wekha.

Za kusankha kozi ndi kuona ngati magiredi akukwana sindikambapo, mukuzidziwa kale. Ndikufuna ndikhazikike pa za eni ake zi chifukwa nditangoziona choncho, malamulo ambiri omwe ndinkangowaloweza anayamba kumveka okha.

Tengani Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo imene makoleji oposa 1,000, ambiri a ku America, amagwiritsa ntchito. Imatsegulidwa pa 1 Ogasiti, ndipo mwana akhoza kudzaza mbali yake yonse, kulemba essay yake ya mawu osapitirira 650, kudina submit n'kumva ngati wamaliza. Koma ku koleji faelo yake imakhala isanakwane mpaka counselor, mlangizi wa pasukulu, atumize School Report, lipoti la sukulu lonena za mwanayo, ndi transcript, komanso aphunzitsi atumize makalata awo, ndipo iwowa amatumiza paokha mwanayo akawaitana polemba maimelo awo m'fomumo. Asanawaitane n'komwe ayenera kaye kuyankha gawo la FERPA, lamulo la ku America la 1974 lokhudza chinsinsi cha zolembedwa za ophunzira, pomwe amasankha ngati akuvomera kuti sadzawerenga makalatawo. Nde taonani, kanthu kakang'ono ka mphindi zochepa kamene mwana amakasiya kuti ndidzachita pomaliza, ndi kamene kakutsekereza anthu atatu kuti asayambe ntchito yawo. Ngati akufuna Early Decision, njira yofunsira msanga ku koleji imodzi, imene kawirikawiri imatseka pa 1 kapena 15 Novembala ndipo ukatengedwa umayenera kupita konko, palinso chikalata choti asaine iyeyo, kholo ndi counselor. Eni ake atatu pa pepala limodzi.

UCAS, njira yofunsira malo ku mayunivesite a ku UK, ndiye imaonetsa zimenezi poyera. Ukamafunsira kudzera kusukulu, fomu yako siichoka mpaka reference, kalata yokuchitira umboni, ndi magiredi oyembekezeka zitaikidwamo, ndipo amene amaitumiza ndi sukulu. Tsiku la 15 Okutobala la Oxford, Cambridge ndi makozi ambiri a udokotala, mano ndi za ziweto, limatseka 6 koloko madzulo nthawi ya ku UK, koma mwana amene wamaliza mbali yake pa 14 wachedwa kale, n'chifukwa chake masukulu amaika tsiku lawolawo loyambirira. Ndipo wofuna udokotala, mayeso a UCAT omwe mayunivesite ambiri kumeneko amafuna amalembedwa kuyambira mu Julaye mpaka mu Sepitembala, ndekuti pofika nthawi yomwe anzake akuyamba kukamba za mafomu, iye khomo lina latsekeka kale ngati sanalembetse.

Mayeso a Chingerezi nawonso chimodzimodzi, IELTS yolemba papepala zotsatira zimatuluka pakatha masiku 13, ya pa kompyuta imafulumirapo, koma uyenera kusiya mpata woti ngati sizinayende bwino ulembenso, komanso usafulumire kwambiri chifukwa IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri basi. SAT, mayeso olowera ku makoleji a ku America, imalembedwa pa masiku oikika chabe pachaka ndipo kulembetsa kumatsekedwa kudakali masabata. Palinso kanthu kena komwe anthu sakalabadira, dzina. Dzina la pa pasipoti, la pa sitifiketi ndi lomwe walembetsera mayeso zikasiyana olo chilembo chimodzi kapena dzina lapakati, zotsatira zikhoza kufika ku koleji koma osalumikizidwa ku faelo yako, ndipo kukonza dzina pa chikalata cha boma ndi ntchito ya miyezi, mwini wake ndi ofesi ina yomwe sikudziwa n'komwe kuti uli ndi tsiku lomaliza.

Nde njira yomwe ndikuikonda panopa, ndipo ndikuikonda zedi, ndi spreadsheet imodzi yokha. Mzere uliwonse chinthu chimodzi, kenako mwini wake ndani, zimamutengera nthawi yaitali bwanji, tsiku loti zikhale zitafika, ndipo pomaliza tsiku lopempha, lomwe umalipeza powerenga chobwerera m'mbuyo n'kuwonjezerapo sabata yina ya mwina mwake. Ukatero umasanja mizere yonse potengera tsiku lopempha lokhalo. Zimene zimachitika n'zodabwitsa, essay yomwe aliyense amaiopa imatsikira pansi, pamwamba pamabwera zinthu zooneka zazing'ono ngati kuona dzina pa pasipoti, kulembetsa mayeso, kukalankhula ndi mphunzitsi, kukhala pansi ndi makolo. Ine ndikuona kuti akanaphunzitsa ana kupanga pepala limeneli chaka chomaliza chisanayambe, theka la misonkhano ya uphungu silikanafunika, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanati mwana asayambe chiganizo ndi chimodzi chomwe cha essay asanadzaze mzere wa eni ake. Wopanda kompyuta ajambule mizere m'kope, zimagwira chimodzimodzi.

Mbali ya makolo ndi yomwe ana amaithawa kwambiri, ndipo ndimawamvetsa, sizophweka kufunsa bambo kapena mayi ako kuti mumapeza ndalama zingati. Koma FAFSA, fomu yopemphera thandizo la ndalama ku boma ya nzika za America ndi ena ochepa ovomerezeka, imafuna za misonkho ya zaka ziwiri m'mbuyo, ndekuti wolowa mu 2026 amagwiritsa ntchito za 2024, mapepala omwe analipo kale mwanayo asanaganize n'komwe za koleji. CSS Profile, fomu ina ya za ndalama ya bungwe la College Board, yomwe makoleji ambiri opereka thandizo la ndalama zawozawo amafunsa ngakhale kwa ochokera kunja, imalowa mozama kuposa pamenepo, ndipo ena amafuna kuti kholo lomwe silikhala ndi mwanayo lidzazenso mbali yake. Ngati makolo anasiyana ndipo salankhulana, imeneyo ndi nkhani yoyamba kuikamba miyezi isanathe, sizoti mwana azikaimba foni kutatsala masiku atatu.

Mphunzitsi naye sumangomupempha ndi pakamwa pakhonde. Umamupatsa tsamba limodzi lokhala ndi kozi yomwe ukufuna, tsiku lomwe kalata ikufunika, ndi zinthu zenizeni zomwe munachitira limodzi, monga ntchito ija unalakwitsa n'kuibwereza mpaka inatheka, chifukwa munthu wophunzitsa makalasi angapo sangakumbukire zonse, ndipo ukapanda kumukumbutsa adzalemba kuti ndi mwana wakhama ndi waulemu, mawu omwe alembedwa kale pa ana ena onse. Tsamba lomweli limathandizanso podzaza zochita za kunja kwa kalasi, pomwe Common App imapereka malo 10 ndipo kufotokoza kwake ndi zilembo 150 zokha, ndipo maola pa sabata ndi masabata pachaka umalemba padera. Ndinasangalala kwambiri kuona kuti kusamalira banja ndi ntchito yolipidwa zili m'gulu la zomwe ungalembe, poti ana ambiri amati ine ndilibe chilichonse chonsecho amalera azing'ono awo tsiku lililonse akaweruka.

Koma pena zimandinyansa, ndinene zoona. Pa misonkhano ya uphungu yomwe ndakhalapo, nthawi yonse imathera pa essay, yambani ndi chiganizo chokopa, onetsani umunthu wanu, zinazake, kenako za makalata ndi transcript amangozitchula pothera anthu akunyamuka. Ndipo pali aphunzitsi ena oti mwana wawapempha bwinobwino nthawi ilipo, iwo n'kumangoti mawa, mawa, mwanayo akuopa kukumbutsa kuti angaoneke wamwano kwa munthu yemwe akumulembera kalata, mpaka kalata ija ilembedwe usiku womaliza mothamanga. Ndikudziwa kuti ambiri mwa iwo ntchito yawachulukira ndipo makalatawa amalemba pa nthawi yawo yopuma popanda wowalipira, sindikuwanyoza, koma mphunzitsi amene akuona kuti sakwanitsa angonena msanga kuti pempha wina, zimenezo n'zachifundo kuposa inde wosatha. Kenako nthawi yakenso, zonsezi zimagwera m'chaka chomwecho chomwe mwana akukonzekera mayeso omaliza, omwe magiredi ake ndi amene adzagamule zonse, nde umamuuza kuti awerenge komanso athamangire mapepala kwa anthu asanu, iye ali ndi zaka 17. Essay ya UCAS, personal statement, yomwe ndi zilembo 4,000 ndipo imapita yomweyo ku zisankho zonse zisanu, panopa anaigawa m'mafunso atatu kuyambira olowa mu 2026, nayonso imafuna nthawi yake, ndipo wofunsira ku America ndi ku UK komwe sangangokopera essay ya ku America chifukwa ya UCAS imafuna kwambiri za phunzirolo.

Pomwe sindinapeze yankho ndi pa ana omwe mzere wa mwini wake umakhala wopanda dzina. Sukulu ilibe counselor, mphunzitsi amene ankamudziwa bwino anasamuka, kholo limagwira ntchito yopanda pepala lililonse losonyeza malipiro. Makoleji ena amalola kuti mkulu wina wa pasukulu alembe m'malo mwa counselor, ena ali ndi fomu yopempha kuti za kholo losowa zisafunsidwe, ndipo ndimawauza anawo kuti alembe imelo ku ofesi yolandira ophunzira kudakali nthawi, koma zimenezonso zimadalira munthu wina kuyankha. Mtsikana wina titamaliza kudzaza pepala lake anangoliyang'ana n'kunena kuti ndiye zambiri sizili kwa ine eti, ndipo sindikudziwa ngati ndinamuthandiza kapena ndinangomuonetsa msanga chinthu chomufooketsa. Ndikuganizabe kuti kudziwa mu Juni kuli bwino kuposa kudziwa mu Disembala, koma kaya kwa mwana aliyense zili choncho, kapena ena ndiyenera kumawaonetsa mizere iwiri itatu kaye osati pepala lonse nthawi imodzi, sindinatsimikize, ndipo amene munathandizapo ana otere mundiuzeko mmene munachitira.