Mdala uja amene Bafana inamuchotsetsa ntchito ku Cairo

Dzulo usiku tinathawa kutentha m'nyumba n'kukhala pakhonde, mukudziwa mmene Mangochi imawotchera, ndiye alamu anga omwe angotsika kumene kuchokera ku Joni anayamba kudzitama ndi Bafana yawo, timu ya mpira ya South Africa, akuti tinagwetsa Egypt pakwawo mu 2019, Salah ali momwemo. Ndinawafunsa kuti alamu, nanga kochi wa Egypt tsiku limenelo anali ndani? Ziii, kumangotokosa mano ndi munga wa chambo.

Anali Javier Aguirre, mdala waku Mexico wobadwa mu 1958, kwawo amamutcha El Vasco. Lorch wa Bafana atangomwetsa chigoli chakumapeto chomwe chinagwetsa Egypt, ntchito ya Aguirre inathera pompo.

Koma ine mkuluyu ndinamudziwa mu 2010, gemu yotsegulira World Cup, Bafana ndi Mexico. Tinapanikizana mu video show ina pafupi ndi msika, thukuta kamukamu, jenereta ikulira kumbuyo, mwana wina akutiimbira vuvuzela m'khutu mwenimweni, Tshabalala wa Bafana atamenya mzinga wa chigoli uja benchi yathu inathyoka mwendo anthu anayi tinagwa chagada koma palibe anadandaula. Kenako Márquez wa Mexico anabweza, 1-1, ndipo wa imvi amene ankakalipa pa laini uja anali Aguirre yemweyu.

Ambiri sadziwa kuti anaumenyapo mpira. Anali wapakati, wa nkhanza zake ndithu, anatenga ligi ndi Club América mu 1984, ndipo pa World Cup ya 1986 pakwawo anadya kadi yofiira mu kota fainolo ndi West Germany, anzake n'kukatuluka pa mapenate. Atapita ku Osasuna ku Spain sanachedwe kuthyoka mwendo. Chondisangalatsa n'choti ku Osasuna komweko anabwererako ngati kochi mu 2002, katimu kopanda ndalama, n'kukafikitsa mu fainolo ya Copa del Rey mu 2005, chaka chotsatira nambala 4 mu La Liga. Apa ndiye ndimamuvulira chipewa, osati za ukochi wake ku Atlético Madrid kapena Japan zija.

Mpira wake siwokoma, tisanamizane. Kutseka kumbuyo, kuthamanga, kuluma. Mtima wapachala nawonso ulipo, mu 2009 anaponda osewera wa Panama ali pa laini, kochi wathunthu! Komabe Mexico ikamira imathamangira kwa iye, 2001, 2009, ndiye 2024 kachitatu, ndipo Márquez uja wa chigoli anadzakhala womuthandizira.

Mu Novembala 2024 ku Honduras wina anamugenda ndi chitini pamutu gemu itatha, atagonja 2-0, magazi chuchuchu kumaso koma iye kumangoyenda kukapereka mkono ngati palibe chachitika. Gemu yachibwereza anawaswa 4-0. Ndinawaonetsa alamu kavidiyo kake pa foni, anangoti mdala ameneyu akanakhala wa kuno bwenzi tikuti anakhwima, kenako anandipempha bandulo kuti aonerenso chigoli cha Lorch.